Kope la Miyeso

Ndine telala pa Ngabu, kuseri kwa msika wa ng'ombe.
Anthu ndimawasunga m'kope la miyeso:
khosi, chifuwa, chiuno, kutalika kwa mwendo.
Wakufa sindimufufuta.

Tsamba lachitatu ndi Dumingu,
mapewa a wodula nzimbe ku Nchalo,
phulusa la munda wootcha losachoka m'makwinya a khosi.
Mmodzi wa ife akatsekeredwa
ndiye ankagona pakhonde la polisi,
mbatata yootcha m'jumbo,
nambala ya loya wa ku Blantyre italembedwa m'chikhatho.
Ankati munthu si singano yoti ingosowa m'mchenga,
wina azidziwa kumene wagona.
Anamupeza m'ngalande yothirira nzimbe, Lolemba m'mawa.
Akuti mowa.
Dumingu amene ankakana ngakhale thobwa logona.

Pamaliro abusa anati anali wolimbikira ntchito,
kungoti sanapeze banja.
Zuze, amene anadya naye mbale imodzi zaka zisanu ndi zinayi,
anakhala pansi pa mtengo wa masau ndi anthu akuntchito,
napereka chipepeso ngati wodutsa m'njira
pamaliro a m'nyumba mwake.

Mayi Nsayi ankafuna matumba awiri akuluakulu pa yunifolomu.
Anali ndi bambo kunyumba, ana anayi, nsalu ya Mvano,
choncho palibe chinkawakakamiza.
Koma ukalowa m'chipinda chawo kuchipatala
ankatseka chitseko,
osakodola anamwino anzawo kuti adzaone zamalodza.
Funso lawo linali limodzi:
pakupweteka ndi pati, mwanangu?
Nkhani itamveka anawasamutsira ku Makhanga,
kumene msewu umatha ndi mvula yoyamba.
Kuthamanga kwa magazi kunawapeza komweko, ambulansi ili tsidya lino.
Yunifolomu yomaliza sanabwere kudzatenga.
Ili pamsomali apa.
Ndimaikuntha fumbi Loweruka lililonse.

Felesta anakana diresi ali sitandade faifi.
Buluku loyamba ndinamusokera usiku, zenera lotseka,
analivala nkuyenda uku ndi uku m'shopu muno
akuseka mpaka kutsamwa.
Pa Bangula ankamutcha mayina oti sindingalembe m'kope langa,
nkumakwerabe kabaza wake
chifukwa ankapalasa kuposa amuna onse pa siteji.
Usiku umene Ruo ndi Shire anapangana kumeza midzi
anabwereka bwato.
Maulendo asanu ndi limodzi akutsitsa anthu m'mitengo,
ena mwa iwo omwe anamugenda pamjigo.
Ulendo wachisanu ndi chiwiri bwato linabwera lokha.
Manda palibe.
Ndatsala ndi chiuno chake basi,
mainchesi makumi atatu ndi awiri.

Mu Okutobala, dzuwa likamasungunula phula pamsewu,
timakumana muno, anthu asanu, mwina asanu ndi awiri.
Makandulo sitiyatsa, kutentha kwake nkokwanira kale,
ndiponso maso a oyandikana nawo sagona.
Ndimapondaponda makina opanda nsalu
kuti phokoso liphimbe mawu athu.
Zuze amawerenga dzina,
ife nkuyankha m'Chisena cha amayi ake Dumingu: takhuta.
Dzina lina. Takhuta.
Chaka chatha anafika pa Felesta mawu nkumuthera,
ine ndinangopitiriza kuponda
mpaka singano inathyoka.

Dzulo kunabwera mnyamata wa ku Miseu Folo,
akuti akufuna malaya,
koma nsalu alibe, maso ali pakhomo.
Anati wina anandiuza kuti kuno
munthu samufunsa zambiri.
Ndinatenga tepi.
Imirira bwino, ndinatero, tukula chibwano,
usapinde msana ngati wapalamula.
Mtima wake unkagunda pansi pa tepi ngati njiwa yogwidwa.

Ndinatsegula tsamba latsopano,
ndinalemba dzina lake lonse ndi bolopeni,
nkusiya malo ambiri m'munsi mwake
oti ndidzalembemo akadzanenepa,
akadzamera mimba,
akadzayamba kuwerama ndi ukalamba.